MLANDU SUOLA, KOMA WODANDAULA AMAFA

Mau Oyamba



1. Boma likatsegula ofesi yatsopano yoti anthu azikatulako madandaulo awo, tonse timakondwa, ndipo nkoyenera kutero. Pamakhala mwambo, akuluakulu amalankhula, wailesi ndi nyuzipepala zimalengeza. Koma alipo mafunso amene kawirikawiri safunsidwa pa tsikulo. Kodi wodandaula woyamba akadzafika pakhomopo, adzapeza yani pampando woweruzira? Munthuyo adasankhidwa bwanji? Kodi ali nawo omuthandiza? Nanga akadzagamula mosakomera boma, ntchito yake idzakhalapobe?

2. M'kalata ino tikufuna kulingalira nanu za mafunso amenewa. Tatenga chitsanzo cha dziko la United States of America, popeza kumeneko nkhaniyi yakhala ikuyesedwa kuyambira chaka cha 1946, ndipo zotsatira zake zidawerengedwa ndi kulembedwa poyera. Dzikolo ndi lolemera, komabe zikwi za anthu ake osauka zidamwalira zikudikira woweruza. Makolo athu adati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Mfundo yathu ndi imodzi: chilungamo chimene boma limalonjeza potsegula ofesi chimakwaniritsidwa pokhapokha muofesimo mukakhala oweruza okwanira, osankhidwa mwachilungamo, ndiponso omasuka kugamula monga mwa lamulo.

Oweruza Amenewa ndi Ayani?

3. Mu 1935, pa ulamuliro wa Pulezidenti Franklin Roosevelt, dziko la America lidakhazikitsa thumba lotchedwa Social Security, limene anthu apantchito amasonkherako kuti adzathandizike akadzakalamba. Mu 1956 adaonjezerapo thandizo la anthu amene alephera kugwira ntchito chifukwa cha ulumali kapena matenda aakulu. Mu 1972 Nyumba ya Malamulo ya dzikolo, yotchedwa Congress, idavomerezanso thandizo la okalamba, osaona ndi olumala amene ali pa umphawi, ngakhale sadasonkhepo kanthu. Bungwe la boma loyendetsa zonsezi ndi Social Security Administration.

4. Munthu akadwala nalephera ntchito, amalemba kalata yopempha thandizolo. Ambiri amakanidwa ulendo woyamba. Wokanidwa amapempha kuti pempho lake liunikidwenso, ndipo akakanidwa kachiwiri, ali ndi masiku 60 oti apemphe kukaonekera pamaso pa woweruza. Kwa anthu ambiri aka ndiye koyamba kulankhula ndi munthu amene ali ndi mphamvu yogamula nkhani yawo, popeza kufikira apo amene amaunikidwa kwambiri ndi mapepala. Woweruzayo amawerenga zikalata zakuchipatala, amafunsa wodandaula za moyo wake ndi ntchito zimene ankagwira, amamva akatswiri, kenaka amalemba chigamulo chake pamodzi ndi zifukwa zake. Wosakhutira angathe kuchita apilo ku bwalo lapamwamba la bungwe lomwelo, ndipo pambuyo pake ku makhoti a dziko.

5. Oweruza amenewa m'Chingerezi amatchedwa administrative law judges, ndiye kuti oweruza a milandu ya pakati pa nzika ndi nthambi za boma. Udindo wawo udakhazikitsidwa ndi lamulo la 1946 lotchedwa Administrative Procedure Act. Malo awo ndi ovuta: amalipidwa ndi bungwe lomwelo limene wodandaula akulidandaula, koma lamulo likufuna kuti agamule mosayang'ana nkhope. Mu 2017 oweruza otere adalipo oposa 1,900 m'boma lonse, ndipo oposa 1,600 mwa iwo ankagwira ntchito ku Social Security, m'maofesi omvera madandaulo oposa 160.

Mipando Ikakhala Yopanda Anthu

6. Kuyambira mu 1999 mpaka 2003 ntchito yolemba oweruza atsopano idaima pafupifupi kotheratu, chifukwa cha mlandu umene ena mwa ofuna udindowu adasuma podandaula za kawerengedwe ka malikisi a mayeso. Mayeso atsopano adadzakonzedwa mu 2007. M'zaka zonsezo oweruza akale ankapuma pantchito, pamene odandaula ankangochulukirachulukira. Pofika chaka cha boma cha 2008, anthu oposa 750,000 ankadikira kuti amvedwe, ndipo munthu ankadikira masiku 514 pongoyerekeza pakati, ndiko kuti chaka chimodzi ndi miyezi 5.

7. Mkulu wa bungweli kuyambira 2007 mpaka 2013, a Michael Astrue, adaika vutoli patsogolo. Mu Disembala 2007 adatsegula likulu lapadera lomvera milandu kudzera pa kanema ku Falls Church, m'chigawo cha Virginia, kuti lipepuze maofesi olemedwa kwambiri. Malikulu ena otere adatsegulidwa ku Albuquerque, Chicago, Baltimore ndi St. Louis, pamodzi ndi maofesi atsopano m'zigawo zosiyanasiyana. Mu 2009 Congress idapatula madola 500 miliyoni othandizira kuchepetsa ntchito imene idaunjikana. Chachikulu nchakuti m'zaka zimenezo adalemba oweruza mazana angapo pamodzi ndi antchito owathandiza. Pofika 2012 nthawi yodikira idatsika kufika pa masiku 353, ngakhale kuti mavuto a zachuma a mu 2008 adachulukitsa opempha thandizo.

8. Koma khama limeneli silidapitirire. Mu 2011 ndalama zitachepetsedwa, bungweli lidaleka kutsegula maofesi 8 amene lidakonzekera kale, ndipo kulemba antchito kudazilala. Mulu wa milandu udayambanso kukwera. Kumapeto kwa 2016 odikira adapitirira 1.1 miliyoni, ndipo mu 2017 nthawi yodikira idafika pa masiku 605. Congress idapatulanso ndalama zapadera mu 2017 ndi 2018, ndipo pofika 2020 odikira adatsika kufika pansi pa 500,000, mwa zina chifukwa chakuti opempha nawonso adachepako. Mzere wa odikira unkafupika boma likalemba anthu, nutalikanso boma likaleka.

9. Tisaganize kuti izi ndi ziwerengero chabe. Mu 2020 ofesi ya boma yofufuza kayendetsedwe ka ntchito ndi chuma, Government Accountability Office, idapeza kuti pakati pa 2008 ndi 2019 anthu 109,725 adamwalira asanalandire yankho lomaliza pa apilo yawo. Idapezanso kuti pakati pa 2014 ndi 2019 anthu pafupifupi 48,000 adakalengeza kukhoti kuti alephereratu kubweza ngongole, akudikirabe yankholo. Awa adali anthu odwala, opanda malipiro, ena okhala ndi ana owayang'anira.

10. Akuluakulu amati mlandu suola, ndipo nzoona: fayilo ingathe kukhala m'kabati zaka zitatu osasintha mtundu. Koma mwini fayiloyo ndi munthu. Amadya tsiku ndi tsiku, amalipira lendi mwezi ndi mwezi, matenda ake samuyembekeza. Wolemera akachedwetsedwa amadya zimene adasunga. Wosauka akachedwetsedwa amagulitsa zonse, ndipo chigamulo chabwino chikadzatuluka chimapeza nyumba itapasuka kale. Choncho mpando wa woweruza ukakhala wopanda munthu, boma limakhala litagamula kale, mosalankhula, kuti wosaukayo avutike.

Kasankhidwe ka Woweruza

11. Kuchuluka kwa oweruza pakokha sikukwanira. Buku la Eksodo, mutu 18, limasimba za Mose amene ankaweruza yekha milandu yonse, khamu la anthu likumudikira tsiku lathunthu, mpaka mpongozi wake Yetero adamulangiza kuti asankhe omuthandiza. Uphungu umenewo udali ndi mbali ziwiri: oweruza achuluke, ndipo akhale anthu odziwa ntchito ndi okana ziphuphu. Mbali yachiwiriyi ndiyo imavuta maboma ambiri.

12. Kufikira 2018, munthu wofuna udindowu ku America ankayenera kukhala loya amene wagwira ntchito ya milandu kwa zaka zosachepera 7. Ankalemba mayeso okonzedwa ndi ofesi ina yapadera yoona za antchito a boma, Office of Personnel Management, ndipo okhoza ankaikidwa pa mndandanda motsata malikisi awo. Bungwe lofuna woweruza linkasankha pakati pa atatu apamwamba. Njirayi inkachedwa, monga taonera kale, ndipo akuluakulu a Social Security ankadandaula kuti nthawi zina mndandandawo unkakhala wakale kapena wosakwanira. Komabe idali ndi ubwino waukulu: zidali zovuta kuti wolamula alowetsepo mnzake kapena wachipani chake.

13. Mu Juni 2018 khoti lalikulu koposa la dzikolo, pa mlandu wa Lucia, lidagamula kuti oweruza otere a m'bungwe loyang'anira misika ya masheya ndi akuluakulu a boma, motero ayenera kuikidwa ndi Pulezidenti, makhoti, kapena mitu ya nthambi za boma, monga mwa malamulo oyendetsera dziko. Mwezi wotsatira Pulezidenti Donald Trump adalamula kuti mayeso aja athe, ndipo kuti mtsogoleri wa bungwe lililonse azisankha yekha, chofunika chokha chimene lamulolo lidatchula chikhale chiphaso cha uloya. Ogwirizana nazo adati njirayi ndi yachangu, ndipo wosankhayo amadziwika, kotero kuti zikalakwika pali womufunsa. Otsutsa adati khomo la tsankho ndi ndale latseguka.

14. Mbali zonse ziwiri zili ndi mfundo yoyenera kumvedwa. Njira yochedwa imasiya mipando yopanda anthu, ndipo osauka amavutika. Koma ife tikuona kuti mankhwala a kuchedwa ndi kukonza mayesowo kuti azichitika kawirikawiri, mndandanda ukhale wokonzeka nthawi zonse. Kuthamanga sikufika. Woweruza amene akudziwa kuti mpando wake adaupeza mwa chifundo cha munthu wina, adzakumbukira munthuyo tsiku limene mlandu udzamukhudze. Ndipo ngakhale woweruzayo atakhala wolungama chotani, wodandaula wogonja adzapita kwawo akukayika. Bwalo limene anthu alikayika silithetsa mikangano.

Ufulu wa Woweruza

15. Lamulo la 1946 ndi malamulo otsatira pambuyo pake adamanga mpanda woteteza oweruzawa. Milandu iyenera kugawidwa mosinthanasinthana, kuti bwana asasankhe woweruza womukomera. Bungwe lowalemba siliwapatsa mphotho chifukwa cha zigamulo zawo. Woweruza sachotsedwa ntchito popanda chifukwa chomveka, chotsimikizidwa ndi bwalo lina lapadera, Merit Systems Protection Board, iye atapatsidwa mpata wodziteteza. Mpanda umenewu wakhala ukugwedezedwa: mu Febuluwale 2025 unduna wa zachilungamo wa dzikolo udanena kuti ukuona chitetezo cha pa kuchotsedwachi ngati chosemphana ndi malamulo oyendetsera dziko.

16. Kupanikiza woweruza sikuti kumadza ndi chiopsezo choonekera nthawi zonse. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 bungwe la Social Security lidayamba kuunika mwapadera zigamulo za oweruza amene ankavomereza madandaulo ambiri. Oweruzawo adasuma, ndipo mu 1984 khoti lidadzudzula mchitidwewo ponena kuti unkawaika pa chiyeso choti azikana anthu pofuna kudziteteza. Mu 2007 kudabwera njira ina: woweruza aliyense adapemphedwa kugamula milandu 500 mpaka 700 pachaka. Uku ndi kugamula milandu iwiri kapena itatu tsiku lililonse la ntchito, pamene fayilo imodzi ingakhale ndi masamba mazanamazana a zikalata zakuchipatala. Bungwe la oweruzawo lidasuma mu 2013, koma mu 2015 khoti la apilo lidakana dandaulo lawo.

17. Boma lili ndi ufulu wofuna kuti woweruza agwire ntchito molimbika, pakuti ulesi wake umapweteka odikira. Koma pamene oweruza ali ochepa ndipo boma likufuna kuti mzere ufupike, yesero limakhala lakuti ochepawo azithamangitsidwa. Kuona maso a nkhono nkudekha. Woweruza wothamangitsidwa amawerenga modumphadumpha, ndipo chigamulo chake chimabwezedwa pa apilo, mlandu nuyambiranso. Tisaiwalenso kuti woweruza sagwira ntchito yekha. M'maofesi amenewa woweruza mmodzi amafuna antchito anayi kapena asanu: osonkhanitsa zikalata, okonza masiku a milandu, ndi maloya olemba zigamulo motsata malangizo ake. Kulemba woweruza popanda antchito amenewa kuli ngati kugula ng'ombe zapagoli popanda khasu lake.

Womasuka, Koma Woyang'aniridwa

18. Tisabise kuti ufulu wa woweruza ungathenso kukhala chobisalirapo cha katangale. Mu 2011 nyuzipepala ya Wall Street Journal idaulula kuti woweruza wina wa ku ofesi ya Huntington, m'chigawo cha West Virginia, a David Daugherty, adagamula milandu 1,284 m'chaka chimodzi nakana inayi yokha. Zidadziwika pambuyo pake kuti ankadzitengera yekha milandu ya loya wina wa ku Kentucky, a Eric Conn, amene adamupatsa ziphuphu zoposa madola 600,000. Chinyengocho chidamangirira boma kuti lidzalipire madola oposa 550 miliyoni. Mu 2017 woweruzayo adalamulidwa kukhala m'ndende zaka 4, ndipo loyayo, atathawa nagwidwa ku Honduras, zaka zake zonse zidakwana 27 mu 2018.

19. Amene adalawa zowawa koposa ndi anthu wamba amene adaimiridwa ndi loyayo. Mu 2015 mazana ambiri a iwo adalandira makalata akuti thandizo lawo liunikidwanso, ngakhale kuti ambiri sadadziwe kanthu za chinyengocho. Onani kuti pa nkhaniyi lamulo logawa milandu mosinthanasinthana lidalipo, koma oyang'anira ofesi sadalitsate, ndipo antchito aang'ono amene adachenjeza sadamvedwe msanga. Khoswe akakhala pamkhate sapheka. Choncho woweruza akhale womasuka pa kugamula, koma kagawidwe ka milandu, chiwerengero cha zigamulo ndi khalidwe lake zikhale zoonekera kwa onse.

Nanga Kuno Kwathu?

20. Ngakhale kuti dziko lathu lilibe maofesi ofanana ndendende ndi a ku America, lonjezo lake ndi lomwelo. Gawo 43 la malamulo oyendetsera dziko la Malawi a 1994 likuti munthu aliyense ali ndi ufulu woti nthambi za boma zimuchitire zinthu motsata lamulo ndi mwachilungamo, ndiponso kuti apatsidwe zifukwa zolembedwa pamene chigamulo chikukhudza ufulu wake. Vuto la mipando yopanda anthu nafenso talidziwa. Ku khoti la milandu ya zantchito, lamulo la 1996 linkafuna kuti wapampando azikhala ndi nthumwi ya olemba ntchito ndi nthumwi ya antchito. Milandu inkaimitsidwa kawirikawiri nthumwizo zikasowa, mpaka mu 2021 Nyumba ya Malamulo idachotsa dongosolo limenelo. Lamulo lokhazikitsa makhoti ang'onoang'ono a m'madera lidavomerezedwa mu 2011, koma padapita zaka zoposa 10 makhotiwo asanayambe ntchito. Lamulo la malo a makolo la 2016 lidakonzanso mabwalo omvera mikangano ya malo kuyambira kwa mfumu yaikulu mpaka paboma, ndipo mafunso onse amene tafunsa m'kalata ino akukhudzanso mabwalo amenewo.

Zimene Tikupempha

21. Kwa boma ndi aphungu a Nyumba ya Malamulo: musanavomereze bwalo kapena ofesi yatsopano yomvera madandaulo, werengani oweruza ndi antchito amene adzafunike, ndipo malipiro awo akhale mu bajeti ya chaka ndi chaka. Ndalama za chaka chimodzi zimamanga makoma, koma milandu imabwera chaka chilichonse. Mipando ilengezedwe poyera, zoyenereza zilembedwe ofunsira asanadziwike, ndipo osankha akhale ena osati amene adzadandaulidwe pabwalolo. Chaka chilichonse bwalo lililonse lilengeze milandu imene lalandira, imene lamaliza, ndi masiku amene wodandaula amadikira.

22. Kwa oweruza ndi onse ogwira ntchito m'mabwalo otere: kumbukirani kuti amene amabwera kwa inu kawirikawiri alibe kwina kopita. Fikani pantchito pa nthawi yake, werengani fayilo yonse, lembani zifukwa zanu m'mau amene wodandaula angamve, ndipo musaimitse mlandu popanda chifukwa chenicheni, podziwa kuti munthuyo mwina wakongola ndalama yoyendera. Mukaona mnzanu akupotoza chilungamo, kukhala chete kwanu ndi kugwirizana naye.

23. Kwa inu Akhristu ndi nzika zonse: dziwani ufulu wanu. Ofesi ya boma ikakukanizani chinthu, pemphani zifukwa zolembedwa, funsani kumene mungachite apilo ndi masiku amene mwapatsidwa. Musapereke chiphuphu kuti fayilo yanu idumphe mzere, pakuti amene mwamudumphayo ndi wosauka kuposa inu. Perekezani okalamba, odwala, olumala ndi osadziwa kuwerenga pamene akukatula madandaulo awo. Atsogoleri akadzabwera kudzalonjeza ofesi yatsopano, afunseni kuti mudzakhala oweruza angati, adzasankhidwa ndi yani, ndipo malipiro awo adzachokera kuti.

Mafunso Okambirana m'Miphakati

Kodi m'dera lathu alipo anthu amene akudikira yankho la dandaulo lawo kuofesi ya boma kapena kukhoti? Adikira nthawi yotalika bwanji, ndipo tingawathandize motani?

Kodi tikudziwa kumene munthu wochotsedwa ntchito mosayenera, kapena wolandidwa malo, angapite kukadandaula?

Nanga ife eni, pamene tikusankha oweruza nkhani m'mudzi, m'makomiti ndi m'mabungwe athu, timayang'ana luso ndi khalidwe, kapena chibale?

Mau Otsiriza

24. Mbiri ya maofesi a ku America yatisonyeza kuti kudikira kwa osauka kuli ndi gwero lodziwika. Kudatalika pamene kulemba oweruza kudaima, kudafupika pamene anthu ndi ndalama zidaperekedwa, ndipo kudatalikanso pamene atsogoleri adatembenukira kwina. Zimene anthu adaononga ndi zosankha zawo, anthu angathenso kuzikonza ndi zosankha zina. Nchifukwa chake tikukupemphani kuti nkhaniyi muikambirane m'mabanja ndi m'miphakati, ndipo muifikitse kwa makhansala ndi aphungu anu. Ambuye akudalitseni nonse, ndipo apatse nzeru ndi kulimba mtima onse amene adapatsidwa udindo womva madandaulo a anzawo.